CHIPHASO CHA PAMSIKA: KODI NDALAMA ZATHU ZIMAGWIRA NTCHITO YANJI?

Mawu kwa anthu a m'midzi ya m'boma la Chiradzulu

Zikomo kuti mwasiya makasu kudimba n'kubwera kudzamva. Sindichulutsa gaga m'diwa. Nkhani yanga ndi ya kapepala kakang'ono kamene timakalandira m'mawa pamsika, madzulo n'kukataya. Ndikunena chiphaso cha khonsolo.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira kuti kale pachipata cha msika pankafunika mapepala awiri. China chinali chiphaso. Linalo linali khadi la chipani, ndipo ayufi ankaima pomwepo kulifunsa. Wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi, kwina ankabwezedwa ndi kuchipatala komwe. Nanga ndalama za makadiwo zinkapita kuti? Ndani akanafunsa? Munthu ankangopisa m'thumba, pakamwa atatseka.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi, anthu nayamba kuyankhula zimene ankangonong'ona. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu: uku nyali, uku tambala wakuda. Anthu 63 mwa 100 alionse anasankha nyali ya matipate, ndipo kuno kummwera anapitirira 80 mwa 100. Khadi linathera pomwepo. Chiphaso cha msika chinatsala, ndipo ine ndikuti chinayenera kutsala. Khadi lija munkagula kuti asakumenyeni. Chiphasochi n'china: mukachilipira, khonsolo yatenga ngongole kwa inu. Tsoka lake ambiri a ife timachilipirabe ndi mtima wa khadi, kupereka n'kukhala chete.

Ine ndachitapo geni zaka zambiri, matimati ndi nandolo, ndiye lekani ndiwerenge ngati wamalonda. Tiyerekeze kuti pamsika wina chiphaso ndi K300, ndipo tsiku la msika pamakhala ogulitsa 400. Imeneyo ndi K120,000 tsiku limodzi. Ngati msikawo umakumana kawiri pa sabata, pachaka zikupitirira K12 miliyoni. Ziwerengerozi ndangoyerekeza, inu a ku Mbulumbuzi, a ku Namadzi, a ku Namitambo, a kwa Thumbwe, muikepo zenizeni za msika wanu. Tumani mwana wa sukulu ayende ndi kope awerenge mabenchi ndi oyala pansi. Mukapeza chiwerengerocho, muyang'ane mozungulira. Chimbudzi chilipo? Madzi osamba m'manja alipo? Shedi yobisalamo mvula? Dzala la zinyalala amalikwirira? Zimenezi si mphatso za bwana aliyense ayi. Ndi katundu amene munalipira kale. Ndipo si nkhani yamasewera: kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo tonse tikudziwa kuti matenda amenewa amakonda pamene pali anthu ambiri koma palibe chimbudzi.

Amalonda anzanga, pali kachizolowezi kena kamene tikukadziwa tonse. Wokhometsa amabwera n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, ingondipatsani theka, chiphaso ndisang'ambe." Iwe umaona ngati wapindula. Koma theka limenelo silifika kukhonsolo, ndiye mawa ukadandaula za chimbudzi adzatsegula buku n'kukuuza kuti msika wanu subweretsa ndalama. Udzayankha chiyani, m'manja mulibe pepala? Lipirani yonse, landirani chiphaso, yang'anani nambala yake ndi deti, sungani m'chitini. Makomiti a misika azilemba okha kuti lero zang'ambidwa ziphaso zingati.

Tsono ndisakunamizeni kuti chiphaso chokha chingayendetse boma la Chiradzulu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma lino, pa malo ochepa zedi. Ndalama za m'misika ndi za malaisensi a magolosale ndi mabala ndi kadontho chabe. Ndalama zambiri za sukulu, zipatala, ulimi ndi misewu ya m'midzi zimachokera ku Lilongwe. Apa m'pamene pali mutu wa nkhani, ndipo ndikupempha mumvetsetse mbiri yake.

M'chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, ndipo boma linatulutsa ndondomeko imene tinaidziwa ndi mawu akuti Mphamvu ku Anthu. Cholinga chake chinali chakuti nkhani za sukulu za pulaimale, zipatala zazing'ono, mijigo, misika ndi milatho ya m'midzi zizigamulidwa paboma pompano ndi anthu osankhidwa ndi inu. Ndondomekoyo inanenanso kuti K5 pa K100 iliyonse imene boma latolera izipita ku makhonsolo kukachitira chitukuko. Papepala zinali zokoma. Koma taonani zimene zinachitika. Tinasankha pulezidenti ndi aphungu mu 1994, koma makhansala tinawasankha mu Novembala 2000, patapita zaka 6. Anthu amene anapita kukavota tsiku limenelo anali pafupifupi 14 okha mwa 100. Nthawi ya makhansalawo inatha mu 2005. Kuchokera pamenepo dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha pa 20 Meyi 2014. Zaka 9! Mwana wobadwa makhansala akuchoka anali ali Sitandade 3 pamene ena ankalowa. Nthawi yonseyo ziphaso ankang'amba, ndalama zinkalowa, koma woimira inu pozigawa panalibe.

Musaganize kuti ndikuloza chala chipani chimodzi. Zipani zonse zimene zalamulirapo dziko lino zinalonjeza mphamvu ku anthu zili kunja kwa boma, zitalowa n'kupeza kuti fupa lokoma sapatsa mnzako. Mu 2010 lamulo lija analisintha: aphungu anapatsidwa voti mukhonsolo, ndipo udindo wosankha ma DC unapita kwa nduna. Chiwerengero cha mawodi chinatsika kuchoka pa 861 mu 2000 kufika pa 462 mu 2014, kotero khansala mmodzi anatsala ndi dera lalikulu loti n'kovuta kulizungulira ndi njinga.

Palinso thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, limene linayamba mu 2006. Linakula mpaka K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Mwamvapo kambirimbiri kuti, "Mlatho uwu atimangira ndi olemekezeka." Amayi amavina, nthungululu zili pakamwa. Pepani amayi, ndalama imeneyo si ya m'thumba la olemekezeka. Ndi msonkho wanu womwe, umene mumadula mukagula sopo, shuga ndi mayunitsi. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu linagamula kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kuti aphungu aziyendetsa thumba limeneli ndi kumavota mukhonsolo, pakuti ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Zoonadi, munthu mmodzi sangakhale wogulitsa, yemweyonso woyang'anira sikelo.

Wina anena kuti, "Zonsezi n'zandale, ife tipindula chiyani?" Ndikupatsani chitsanzo cha kwathu konkuno. Mu 2001 madokotala a bungwe la MSF anayamba kupereka ma ARV pachipatala cha Chiradzulu, pamene kwina konse mankhwalawa anali a anthu andalama. Poyamba aliyense ankayenera kupita kuboma. Wodwala wa kwa Nkalo kapena ku Milepa apeze kuti ya thiransipoti mwezi ndi mwezi? Ndiye anaganiza zotula ntchitoyo ku zipatala zazing'ono, anamwino ndi azachipatala ena n'kuphunzitsidwa kuyambitsa anthu mankhwala. Anthu amene tinali titawataya mtima anadzuka, nagwiranso khasu. Ena muli pompano, simukusowa kukweza mkono. Mankhwala anali omwewo. Chinasintha n'chakuti chithandizo chinasendera pafupi ndi mwini matenda. Mphamvu ku anthu imene tikunena ndi yomweyo basi: chinthu chizigamulidwa pafupi ndi amene chikumuwawa.

Kumbukiraninso Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala pamudzi wa Mtauchira kwa T/A Likoswe. Oyamba kufukula anzawo anali anthu a m'midzi yoyandikana, ndi makasu awo. A kutali anafika pambuyo, chifukwa misewu ndi milatho inali itaduka. Nanga ngalande za m'mbali mwa misewu yathu amakonza ndani mvula isanagwe? Nanga mitengo ya m'mapiri athu amateteza ndani? Sikungabwere munthu kuchokera ku Capital Hill kudzaona kalavati yotsekeka ya pamudzi panu. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo, ndipo khonsolo imayenda ikakankhidwa.

Amene munapitako ku Beira, doko la m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mozambique kumene kumadzera mafuta ndi feteleza wathu wina, mwina munamva dzina la Daviz Simango. Anasankhidwa kukhala meya wa mzindawo mu 2003 pa tikiti ya Renamo. Anatchuka ndi zinthu zimene akuluakulu ena amaziona ngati zonyozeka: kuchotsa zinyalala, kutsegula ngalande, kukonza misewu. Mu 2008 chipani chake chinamutaya n'kuimika wina. Iye anaima payekha, anthu a ku Beira n'kumusankhabe ndi mavoti ochuluka, ndipo anakhala meya mpaka imfa yake mu 2021. Anthu aja sanayang'ane mtundu wa nsalu ayi. Anayang'ana ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo. Ine ndine wa chipani chotsutsa, koma ndikunena poyera: khansala wa chipani changa akagona, mum'chotse, wa chipani china akagwira ntchito, mum'yamikire.

Tsono tichite chiyani? Njira inaikidwa kale, kungoti yamera udzu chifukwa sitiyendamo. Kwa gulupu aliyense kuli komiti ya chitukuko, ija timati VDC. Zimene mwagwirizana kumeneko zimapita ku ADC ya kwa T/A, kaya ndi kwa Kadewere, kwa Mpama, kwa Chitera kapena kwa Ntchema, ndipo kuchokera uko zimakafika kukhonsolo. Vuto ndi lakuti pamsonkhano wa VDC pamabwera anthu khumi, koma pakamveka kuti kukulembedwa maina a makuponi bwalo limadzaza. Ndiye anthu khumi aja akasankha mjigo pafupi ndi khomo la wapampando, tidandaule kwa yani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayi, inu ndi amene mumadzuka tambala woyamba kukatunga madzi, inu ndi amene mumabereka mwana wodwala kumsana. Lowani m'makomitimo, ndipo musakangokhala olemba maina ndi ophika nsima.

Dziwaninso kuti msonkhano waukulu wa khonsolo si wachinsinsi. Lamulo limalola munthu wamba kukakhala kumbuyo n'kumvetsera. Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mwa lamulo limeneli komiti ya msika ingathe kulemba kalata kufunsa kuti chaka chatha msika wathu unatolera ndalama zingati, ndipo zinabwerera kuno ndi zingati. Komiti ya sukulu ingafunse kuti buloko imene ikumangidwayi ndi ya ndalama zingati, kontirakitala ndi ndani, atha liti. Kufunsa si mwano, mafumu athu, ndipo si kuukira boma. Mu 1915 John Chilembwe wa pa Mbombwe pompa analibe khomo loti akagogode pa nkhani ya thangata ndi msonkho wa nyumba, anthu n'kumumvera. Ife khomo tili nalo, ndipo palibe wa yunifolomu amene waima pamenepo kutifunsa khadi.

Pa 16 Seputembala 2025 tinasankhanso pulezidenti, aphungu ndi makhansala, m'mawodi 509 dziko lonse. Ndifunse: ndi angati pano akudziwa dzina la khansala wawo? Kwezani manja. Mwaona nokha. Pa tsiku la chisankho pepala la khansala ambiri timangochonga mothamanga, maso ali pa la pulezidenti. Chonsecho pulezidenti simudzakumana naye pachigayo. Khansala mumakumana naye pamaliro, kutchalitchi, pa siteji ya kabaza. Akabwera musamupemphe ya fanta kapena ya bokosi la maliro, pakuti mukatero mwamuphunzitsa kuti ntchito yake ndi kugawa timakobidi, ndipo lamulo la zipani la 2018 linaletsa kale zogawagawa zokopera mavoti. M'malo mwake mum'funse kuti pamsonkhano wapita wa khonsolo anayankhulapo chiyani za dera lino.

Pempho langa kwa agulupu ndi ili: mwezi uno usanathe muitanitse msonkhano wa VDC, mumuitane khansala ndi kalata, osati ndi uthenga wapakamwa, ndipo mumuuziretu kuti abwere ndi pepala la ndalama za msika ndi mndandanda wa zitukuko za chaka chino za m'wodi mwathu. Amalonda mubwere ndi zitini zanu za ziphaso. Achinyamata amene munafika Folomu 4 mubwere ndi makope, mulembe zimene wayankha ndi tsiku limene walonjeza. Akapanda kubwera, mulembenso kalata yachiwiri, ina yofanana nayo ipite kwa T/A, ina kwa DC.