Bajeti ya Dziko ndi Udindo wa Ofalitsa Nkhani



1. Chaka ndi chaka, nduna ya zachuma ikangomaliza kuwerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo, timamva mawu omwe aja: a mbali ya boma amati ndi yokomera amphawi, otsutsa amati ndi yopanda mutu. Pakatha sabata nkhaniyo imazilala. Funso lalikulu limatsala osayankhidwa: kodi akusenza katundu wa dziko lino ndani, nanga akudyerera ndani?

Goli la ngongole

2. M'chaka cha 2006 dziko lathu lidakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zakunja kudzera m'ndondomeko ya HIPC, ndi cholinga choti ndalama zopulumukazo zithandize kuchepetsa umphawi. Nzomvetsa chisoni kuti tabwereranso m'dzenje lomwelo. Mu bajeti ya 2025/26, ya ndalama pafupifupi K8 thililiyoni, zoposa K2 thililiyoni zidali zolipirira chiwongoladzanja chokha, makamaka cha ngongole za m'dziko momwemuno. Boma likamabwereka ku mabanki pa chiwongoladzanja chokwera, mabankiwo amalemera, pamene mlimi ndi wamalonda wamng'ono amasowa kobwereka. Lonjezo la ku Abuja la 2001, loti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, silidakwaniritsidwe m'zaka zaposachedwapa. Mphotho yake ndi yakuti odwala amauzidwa kuti akadzigulire okha mankhwala.

3. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasunga chuma chawo m'madola ndi m'nyumba za lendi adapulumuka. Mphunzitsi, mlonda ndi mayi wogulitsa mandasi ndiwo adapsa. Msonkho wa VAT nawonso suona nkhope: wosauka ndi wolemera amalipira mofanana pa katundu yemweyo. Chilungamo chimafuna kuti wopata zambiri asenze zambiri.

Kwa atolankhani athu

4. Timayamikira kulimba mtima kwanu pa nthawi zovuta. Komabe tikukumbutseni kuti kusonkhanitsa ndemanga za andale si kufotokoza bajeti. Kubedwa kwa ndalama za boma komwe kudaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, kudatiphunzitsa kuti chuma sichisowa pa tsiku lowerenga bajeti, koma m'miyezi yotsatira, pamene maso a onse ayang'ana kwina. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Ligwiritseni ntchito: funsani kuti ndalama zomwe zidalonjezedwa ku chipatala cha m'boma lakutilakuti zidafika zingati, ndipo zidagula chiyani. Kanani chipondamthengo, pakuti pakamwa podzaza sipayankhula. Eninyumba zofalitsa nkhani nawonso azilipira antchito awo mokwanira, kuti njala isagulitse cholembera. Wailesi ya MBC imayendera misonkho ya Amalawi onse, choncho izimveketsa mawu a mbali zonse.

Pempho lathu

5. Tikupempha boma kuti lichepetse kubwereka ndi maulendo osafunikira, ndipo lizifalitsa bajeti m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina. Aphungu azibwerera kwa amene adawasankha kukafotokoza zomwe avomereza. Inu nonse, funsani mopanda mantha, pakuti ndalamazi nzanu. Atsogoleri athu asatione ngati adani: wakutsina khutu ndi mnansi.

Mulungu adalitse dziko lathu la Malawi.