Mwana wa ku Yunivesite ndi Foni Yake

M'sewero lomwe tamvera pa wailesi lija, mtsikana wa ku yunivesite wabwera ku holide. Sakudya, sakucheza ndi anthu, usiku wonse foni ili m'manja. Mayi ake akuti sukulu yamupatsa matama. Azakhali ake akuti amulodza. Ine monga namwino ndikuti mwanayo akudwala matenda ovutika maganizo.

Ena mukuti anu akadali kumsana. Koma pakhomo pali achemwali awo, palinso ang'ono anu.

Ophunzira ku Zomba, ku Bunda ndi ku Mzuzu amakhala pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Kuwalanda foni sikungatheke. Uthenga wa m'kalasi umadzera pomwepo, makamaka chiyambire 2020 pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ndalama yomwe mumatumiza imafikiranso pomwepo.

Vuto limabwera motere. Mwana wanu wagona ndi njala chifukwa ndalama yatha pakati pa mwezi. Atsegula foni, aona anzake atatchena, ena ali kunyanja. Sadziwa kuti zovala zina ndi zobwereka, ndiponso kuti palibe amene amajambula tsiku lomwe walira. Amayamba kudziona wachabechabe. Ena amanyozedwa m'magulu a WhatsApp. Atsikana ena chibwenzi chikatha, zithunzi zawo zachinsinsi zimamwazidwa, ndipo manyazi ake amawalepheretsa kulowa m'kalasi. Kenaka tulo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposera apo, koma foni imamufikitsa tambala woyamba. Inenso, ndisaname, ndinadzukapo foni ili pachifuwa.

M'chaka cha 2018, pa University of Pennsylvania ku America, anachita kafukufuku pa ophunzira 143. Ena anauzidwa kuti asapyole mphindi 30 patsiku pa masamba a mchezo kwa masabata atatu. Amenewa kusungulumwa ndi kukhumudwa kwawo kunachepa.

Mwana akakhala wosasangalala, wosafuna zomwe ankakonda, wosadya kapena wosagona bwino kwa masabata awiri, musamukalipire. Mukayamba ndi mawu oti "Foniyo ikupha," sadzakuuzani kanthu. Muitaneni mukusankha nyemba, muli awiri, mumufunse kuti, "Mwana wanga, kusukulu kukuyenda bwanji? Alipo akukuvutitsa?" Mvetserani mpaka amalize. Gwirizanani kuti pa nthawi ya chakudya ndi yogona foni izikhala patali, yanunso.

Zikapitirira, bwerani naye kuchipatala. Matendawa ali ndi chithandizo, cha uphungu ndi cha mankhwala. Tikaona kuti ndi aakulu timatumiza kwa akatswiri, monga ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma akanena kapena kulemba pa foni kuti watopa ndi moyo, musati akungowopseza. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a makoswe ndi a mbewu, ndipo mubwere naye tsiku lomwelo.

Amene ali ndi funso losafuna gulu andipeze tikamaliza sikelo.