Chuma chikukwera, nanga nkhokwe zathu?



Ine ndine mlimi, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndili ndi funso kwa akatswiri a zachuma. Kwa zaka zambiri ankatiuza kuti chuma cha Mozambique chikukula ndi 7 peresenti pachaka. Ankati dziko likalemera, nafenso osauka tidzadyerera. Nanga tinadyerera chiyani?

Taonani za ku Moatize, m'chigawo chathu chino cha Tete. Mu 2011 kampani ya Vale inayamba kutumiza malasha kunja pa njanji ya ku Beira. Ndalama zinalowadi. Koma mabanja mazanamazana anali atachotsedwa m'minda yawo n'kupititsidwa ku Cateme, kutali ndi msika, kunthaka yosabereka bwino. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji chifukwa cha madandaulo.

Vuto ndi kawerengedwe, abale anga. Amaphatikiza chuma chonse cha m'dziko, cha malasha ndi chathu chomwe, n'kuchigawa ndi chiwerengero cha anthu. Mnzako akadya mbale ziwiri za nsima iwe n'kugona ndi njala, papepala aliyense wadya imodzi!

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiye ine ndikupempha kuti tiziwerenga tokha. Ndi mabanja angati amene amafika Febuluwale ali ndi chimanga? Thumba limodzi la feteleza likufuna matumba angati a chimanga? Tizilemba zimenezi mudzi ndi mudzi, tikaziwerenge pa wailesi kuti aboma amve.