Maso a Kumwamba: Za Anthu Owerenga Zithunzi za Ndege

Nkhani ya lero iyamba ku Selous, kamzinda ka m'dziko la Zimbabwe kamene kali pa mseu waukuru wocokera ku Harare kunka ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu. Dzina lace linacokera kwa Frederick Selous, mlenje uja amene anatsogolera Azungu polowa m'Mashonaland m'caka ca 1890. Dziko lozungulira ndi la mapulazi a fodya, cimanga ndi ng'ombe, ndipo m'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, anchito ambiri a m'mapulaziwo anali ocokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku dziko la Apwitikizi.

M'masiku amenewo munthu wopalira m'munda nthawi zina anali kuona ndege iri kuyenda molunjika, nitembenuka, nibwereranso pambali pa njira yace yoyamba, monga mlimi wogaula ndi ng'ombe. Ndegeyo inali kujambula dziko. Alangizi a zaulimi anali kutenga zithunzizo kuti aonepo poyenera kuika migula, madamu ndi miseu ya pa pulazi. Luso lomwelo lagwiranso nchito zoopsa koposa, pakuti ndi ilo asilikari amapezera malo obisika osungiramo mafuta a mizinga youluka, imene ichedwa maroketi.

Cithunzi ciri conse ca ndege cimatenga koposa theka la malo amene ajambulidwa kale pa cinzace. Motero nyumba imodzi imaoneka kawiri, kucokera ku mbali ziwiri. Munthu akaika zithunzi ziwirizo pamodzi, naziyang'ana ndi magalasi a maso awiri, mapiri amatukuka, mitengo imaimirira, ndi zigwa zimazama. Pamenepo wowerengayo amafunsa mafunso anai: Cinthuci ciri ndi maonekedwe otani? Ncacikuru bwanji? Mthunzi wace uli wotani? Nanga cayandikana ndi ciani?

Wogwira nchito pa pulazi angathe kuyankha mafunsowa msanga. Timadenga tating'ono tondandalika m'mzere, ta mithunzi yaitali, tokhala ndi mulu wa nkhuni pambali, ndiwo mabalani a fodya. Kadenga kakatali kopapatiza, kumene njira za ng'ombe zimakumana, ndiko dibi. Nyumba zambiri zowirikizana, zokhala ndi tinjira tonka ku citsime, ndiyo komboni. Mlendo angaone madontho okha, koma wodziwa nchito amaona mudzi wamoyo. Ici ndico cinsinsi ca luso lonseli: cinthu cimadziwika ndi zinzace zimene cimayenda nazo.

Mzinga ungathe kupfundidwa ndi tenti, kapena kukankhidwira pansi pa mitengo. Koma mizinga yambiri ya m'zaka zija sinali kuuluka yosamwa. Inali kufuna zamadzi za mitundu iwiri: mafuta eni ace, ndi mankhwala ena oyatsa mafutawo kumwamba kumene mpweya uli wocepa. Ziwirizi zikakomana nthawi isanakwane, pamabuka moto wosazimitsika. Cifukwa cace asilikari amazisunga motalikirana, ndipo kusamala kwaoko ndiko kumawaulula.

Nkhokwe ya mafuta iri ndi zizindikiro zace. Mathanki amaoneka ngati ndalama zasiliva zoyalidwa pa mphasa, ndipo mthunzi umanena msinkhu wao. Wodziwa masamu akapeza msinkhu ndi kutambalala, amawerenga magaloni ali m'katimo. Thanki iri yonse imazingidwa ndi linga ladothi, kuti ikabooka mafuta asayenderere. Udzu umalambulidwa ponse pozungulira. Miseu imakhota pang'onopang'ono, pakuti malole aatali sakhota msanga. Pali mpanda, cipata cimodzi ndi kanyumba ka mlonda, koma palibe khola, dimba, kapena utsi wa pamafuwa. Ngakhale mathanki akwiriridwe pansi, dothi latsopano limasiyana mtundu ndi lakale, ndipo njira za malole zimathera pamalo pooneka ngati palibe kanthu. Njira yothera pacabe imafunsitsa.

Anthu a ku Harare anaona ndi maso kuopsa kwa nkhokwe zotere pa 11 December 1978, mzindawo ukuchedwabe Salisbury, pamene ankhondo a ZANLA anaombera mathanki a mafuta ku Southerton. Motowo unayaka masiku angapo, ndipo utsi wace unaoneka kutali.

Mlandu waukuru wa lusoli unacitika pa cisumbu ca Cuba, mailosi 90 kucokera ku gombe la America. Pa 14 October 1962 Major Richard Heyser anauluka pamwamba pa cisumbuco m'ndege yochedwa U-2, imene imakwera mapazi 70,000, najambula zithunzi 928. M'mawa mwace akatswiri a ku Washington, otsogozedwa ndi Arthur Lundahl, anapeza pafupi ndi San Cristóbal zinthu zazitali zopfundidwa, zoposa mapazi 60 m'litali. Anaziyerekeza ndi zithunzi za mizinga imene Russia anali kuonetsa pa perete ku Moscow, ndipo miyeso inagwirizana. Inali mizinga yochedwa R-12, yotha kusenza bomba la atomu kufika ku Washington.

Pa 16 October zithunzizo zinaikidwa pamaso pa President John Kennedy. Mng'ono wace, Robert Kennedy, anabvomera pambuyo pace kuti iye sanaonepo mzinga. Kwa iye malowo anafanana ndi munda wolambulidwa kumene. Akatswiri anaona zina, cifukwa anayang'ana zoyandikana nazo. Mzinga wa R-12 unali kumwa mafuta onga parafini pamodzi ndi asidi woopsa, ndipo zonse ziwiri zinali kuyenda m'ngolo za mathanki. Kuyambira pa 23 October ndege zina zinauluka munsi kwambiri, ndipo pa zithunzi zao ngolozo zinaoneka bwino, ziri m'mizere yao, za mafuta pa zokha ndi za asidi pa zokha. Thunthu lopfundidwa likhoza kukhala cinthu ciri conse. Koma thunthu lokhala ndi ngolo zotere pambali pace ndi mzinga wokonzedwera nkhondo.

Pa 25 October Adlai Stevenson anaonetsa zithunzi pa msonkhano wa United Nations, ndipo kukana kunabvuta. Pa 27 October Major Rudolf Anderson anaphedwa pamene U-2 yace inaomberedwa pamwamba pa Cuba. Tsiku lotsatira Nikita Khrushchev anabvomera kucotsa mizingayo. Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kwa anthu owerengeka, oweramira pa magalasi usiku ndi usana, kunapatsa atsogoleri masiku akuganiza mizinga isanakonzeke.

Komabe cithunzi sicinena zonse. A ku America anayesa kuti asilikari a Russia pa Cuba anali ngati 10,000, pamene analipo oposa 40,000. Patapita zaka pafupifupi 30, m'caka ca 1992, kunamveka poyera kuti analinso ndi zida zing'onozing'ono za atomu zolindira adani pa gombe. Akazembe amene anaumiriza Kennedy kuti athire nkhondo sanadziwe zimenezi. Akadakhulupirira kuti cosaoneka pa cithunzi kulibe, anthu osawerengeka akadafa.

Pali cinanso cimene cithunzi cimabisa, ndico anthu. Zaka 19 zisanacitike za ku Cuba, pa Nkhondo Yaciwiri, owerenga zithunzi a ku Medmenham m'dziko la England anazindikira roketi pa malo ochedwa Peenemünde, pa gombe la Germany. Kumeneko kunali kuyesedwa mzinga wa V-2, womwa mowa waukali wonga kacasu pamodzi ndi mpweya woziziritsidwa kufikira usanduka madzi. Usiku wa pa 17 August 1943 ndege za Britain pafupifupi 600 zinapita kukaononga malowo. Zounikira zoyamba zinagwa polakwika, ndipo mabomba anatsikira pa misasa ya Trassenheide, mmene munali anchito ogwidwa ku maiko ena ndi kugwiritsidwa thangata. Oposa 500 a iwo anafa, osatha kuthawa cifukwa ca mpanda. Pa cithunzi nyumba zao zinali timadenga tondandalika, monga za pa komboni iri yonse. Ena mwa anchito otere ndiwo anali kutumiza mobisa mbiri ya mizingayo kwa adani a Germany.

Tsono wowerenga zithunzi woona amasunga malamulo atatu. Loyamba, amasiyanitsa cimene waona ndi cimene aganiza, nalemba ziwirizo padera. Laciwiri, saweruza ndi cithunzi cimodzi, koma amayerekeza ca lero ndi ca mwezi wathawo, pakuti thanki ya dizilo wa mathirakitala ndi thanki ya nkhondo zimafanana zikaonedwa kumwamba. Lacitatu, amafunsa amene agona pansi pa denga liri lonse loyandikana ndi malowo.

Lero nchito yambiri ya ndege zija yatengedwa ndi masetilaiti, ndipo mizinga yambiri yatsopano imapangidwa ndi mafuta ouma ali kale m'kati, kotero kuti siyenda ndi ngolo zoiulula. Mdzukulu wa munthu uja anali kupalira fodya ku Selous angathe kutsegula lamya ya m'manja, naona pulazi lonse monga momwe mphamba amaonera. Adzaona mabalani, damu ndi mseu wa ku Bulawayo. Adzaonanso timadenga ta pa komboni, ndipo iye yekha, mosiyana ndi katswiri wakutali, adzatha kuchula maina a anthu okhala pansi pace.

Apa ndipo pathera nkhani ya lero.