Mau kwa Alimi a ku Tsangano: Za Zofeseramo Mbeu za m'Dimba



Dziko lanu ndi la mapiri, lozizira, ndipo kabici, matimati ndi mbatata ya kacewere zimene mulima zidyetsa anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma mbeu ya kabici ndi ya matimati muigula ndi ndalama, ndipo m'mwezi wa June ndi wa July cisanu ca usiku umodzi wokha cikhoza kupserereza mbande zonse za pa nazale. Cifukwa cace nkwabwino kufesa mbeu zina m'zotengera zimene mungathe kuzinyamula madzulo ndi kuziika pakhonde, ndi kuziturutsanso padzuwa m'mawa.

Posankha cotengera, yambani mwaganizira muzu, pakuti mbande ikhala ndi moyo ndi muzu wace. Muzu ufuna zinthu zitatu.

Coyamba, madzi azituruka pansi. Citini, cikho kapena mbiya yosweka yopanda ciboo isunga madzi, ndipo mbande ziola patsinde pamene pakhudza dothi, nizigwa zonse m'masiku owerengeka. Boolani ziboo zitatu kapena zinai ndi msomali, ndipo muike timiyala pansi musanathire dothi.

Caciwiri, muzu upeze kotsikira. Kabici, matimati ndi anyezi zifuna bokosi lakuya mainchesi 4, ndiwo masentimita 10. Mitengo ya zipatso, monga mapicesi, ikhalitsa m'cotengera miyezi yambiri, ndipo ifuna cakuya koposa kawiri. M'cotengera cosaya muzu uzungulirazungulira, ndipo mbande yotere ipinimbira ngakhale mutaioka pa nthaka yabwino.

Cacitatu, mbande ituruke ndi dothi lace, muzu wosaduka. Citini copapatiza kukamwa cikaniza dothi, ndipo pokoka mudula mizu. Sankhani cotambasuka kukamwa.

Tsono mbeu siziri zofanana. Kabici, matimati ndi anyezi zipirira kuokedwa. Izi fesani m'mizere m'bokosi limodzi, ndipo zikamera mothithikana muzipatulire. Maungu ndi nkhaka zidana ndi kusunthidwa. Ngati mufuna kuziyamba msanga cisanu cisanathe, pindani khungwa louma la nthoci likhale ngati kacikho, mulimange ndi luzi, ndi kubzalamo njere ziwiri. Tsiku looka mukwirire kacikho konse m'phando, ndipo kadzaola kokha, muzu wosakhudzidwa. Karoti, nyemba ndi nsawawa musaziike m'cotengera ai. Mubzale pomwe zidzakulira.

Matumba akuda a pulasitiki ali abwino kwa mitengo, koma pooka muwang'ambe ndi kuwacotsa, pakuti saola. Musawataye m'dimba, mbuzi zingadye.

Pali zoopsa ziwiri. Botolo kapena citini cimene munali mankhwala ophera tizirombo, kapena parafini, musafeseremo ngakhale mutatsuka. Ndipo ana asaseweretse. Cina ndi ici: matimati ndi mbatata ya kacewere ziri za mtundu umodzi, ndipo zipatsirana matenda. Nthenda yofotetsa mbeu ikhala m'dothi zaka zingapo. Mukatapa dothi m'munda wa mbatata ndi kufeseramo matimati, mwaipatsa mbande nthenda isanamere nkomwe. Tapani dothi la pamwamba pamalo pamene simunalime mbeu zimenezi. Mabokosi a caka catha muwakhuthule, muwatsuke, ndi kuwayanika padzuwa masiku angapo.

Dothi lace musakanize cotere: madengu awiri a dothi lakuda, dengu limodzi la manyowa oola bwino, ndi dengu limodzi la mcenga wa kumtsinje. Manyowa aawisi aocha mizu. Thirirani m'mawa, pang'onopang'ono, kuti dothi lisagone lonyowa usiku wozizira.

Mbande ya kabici ikwana kuoka pamene iri ndi masamba anai kapena asanu, patapita masabata 4 kufikira 6. Kuno kozizira nthawi zina icedwerapo. Sabata lotsiriza cepetsani madzi, ndipo muzisiye padzuwa tsiku lonse kuti zikhwime. Okani madzulo, mutathirira bokosi poyamba.

Zonsezi sizifuna ndalama. Matabwa akale, mbiya yosweka ndi makungwa a nthoci ziri pakhomo panu. Lero lomwe tembenuzani zotengera zanu, muone ngati pansi pali ciboo.