Dar es Salaam si Kariakoo yekha

Amayi ndi abambo, lero mwalandira masatifiketi a Chiswahili.

Ambiri mwa inu mukamva za Dar es Salaam mumaona basi ya usiku, chipata cha Songwe, kenako piringupiringu wa ku Kariakoo: zitenje, nsapato, mafoni. Mukagula, mumanga katundu n'kubwerera. Koma mzinda umenewu unatigwira mkono pa nthawi yovuta. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, ndipo mitengo inatipweteka tonse. Tinatembenukira kumpoto, ndipo kunakhazikitsidwa malo osungira katundu wa Malawi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Mpaka lero matanka a mafuta amene mumakumana nawo pa Chiweta amachokera padoko la Dar es Salaam. Anzathu a ku Zambia anayamba kale: paipi ya mafuta yofika ku Ndola mu 1968, njanji ya TAZARA mu 1975.

Pamene Sultan Majid wa ku Zanzibar ankayamba kumanga mzindawu m'zaka za m'ma 1860, pafupi panali kamudzi ka asodzi ka Mzizima. Azaramo, Aluya, Amwenye ndi anthu a kumtunda anakumana pamenepo chifukwa cha malonda, ndipo chinawalumikiza ndi chilankhulo chimene mwaphunzirachi. Kumeneko munthu safunsa mtengo asanapereke moni. Wachikulire mumayamba mwamuuza “shikamoo”. Nsalu ya kanga imakhala ndi mawu m'mphepete, ena okoma, ena obaya, choncho amayi, muziwerenga musanagulire apongozi! Mudziwenso ngati mwini sitolo ndi wa Simba kapena wa Yanga, pakuti matimu a mpira onsewo kwawo n'komweko ku Kariakoo. Ndipo tsiku lina mudzalawire ku Kivukoni, mukaone mmene asodzi amagulitsira nsomba kwa amene watchula ndalama zambiri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amalonda athu ambiri amadalira mkhalapakati kuti awalankhulire, awawerengere mapepala, nawadyera phindu. Inu tsopano mutha kunenerera nokha mtengo. Achinyamata, pakati panu patuluke odziwa ntchito yowombola katundu padoko, chifukwa makontena athu akachedwa kumeneko, ndalama za malo osungira zimakwera tsiku ndi tsiku, ndipo amalipira ndi mayi wogula sopo ku Karonga.