Kufunafuna Mwayi pa Msika wa Tsoka

Mawu amene mneneri wa khonsolo adayankhula kwa anthu a m'wodi ndi ochita malonda pa Msika wa Tsoka, mumzinda wa Lilongwe

 Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwasiya mabenchi m'manja mwa ana ndi anzanu kuti mufike pano, choncho sindikuchedwetsani.

Ntchito yanga imayamba ndi nyuzipepala. M'mawa uliwonse ndimatsegula The Nation ndi The Daily Times, wailesi ya MBC kapena Zodiak ili pambali, kuti ndimve zimene zanenedwa za mzinda wathu. Ndiulule pamaso panu kuti kwa nthawi yaitali ndinkawerenga ngati munthu woitanidwa kubwalo la milandu. Diso linkathamangira pamene tatchulidwa, mtima uli pokonza yankho. Zinyalala zaunjikana pamsika, ine kukonza yankho. Ngalande zatsekeka, ine kukonza yankho. Ndidazindikira mochedwa kuti mtolankhani akalemba za vuto amakhala watichitira kafukufuku waulere. Watiuza amene akuvutika, malo amene akuvutikira, kuti vutolo labweranso kangati, ndipo nthawi zina watiuzanso ndalama zimene anthu akuwononga kale pofuna kulizemba. Makampani akuluakulu amalemba ntchito akatswiri kuti awapezere zinthu zinayi zomwezi, pamene ife timazimva kwaulere pa nkhani za m'mawa, n'kupukusa mutu, n'kutseka wailesi.

Nzeru imeneyi si yachilendo pamalo ano. Ili kuseri kwa mabenchi anu, pamtsinje wa Lilongwe. Kuno kuli Tsoka, kutsidya kuli Msika wa Lizulu. Mayi amene wagula kaunjika kuno akufunanso kabichi ndi tomato kutsidya, koma pakati pali madzi, ndipo kuzungulira pa mlatho waukulu wa msewu wa M1 ndi ulendo kwa munthu amene wasenza katundu, mwana ali kumbuyo. Anthu ambiri adaliona vutoli ndipo adadandaula. Ochepa adaliona, adakatenga mitengo, matabwa ndi misomali, n'kumanga milatho ija imene tonse tawolokapo titapereka kandalama pachipata. Lero alendo ochokera kunja amaima kuijambula zithunzi. Amisiri amenewo sadapite kusukulu ya zamalonda, koma adawerenga bwino: adadziwa amene akuvutika, adadziwa kuti akuvutika tsiku lililonse, ndipo adadziwa kuti munthu wotopa alolera kulipira pang'ono kusiyana n'kuzungulira.

Sindikunena kuti milathoyo ilibe chilema. Mtsinje ukakwiya nthawi ya dzinja, matabwa sapirira ngati simenti, ndipo moyo wa wowoloka ndi waukulu kuposa ndalama ya pachipata. Amene amatolera ndalamayo ali ndi udindo woyang'ana msomali uliwonse. Ndatchula milathoyi chifukwa cha diso limene lidaiona isanamangidwe.

Diso lomwelo tilitembenuzire ku nkhani ziwiri zimene manyuzipepala sazilemba patsamba limodzi. Yoyamba mukuidziwa ndi mphuno zanu: milu ya masamba a kabichi, tomato wophwanyika, makoko a nthochi ndi zikonyo za chimanga m'mbali mwa misika yathu, zina n'kuthera mumtsinje, zina kudikira galimoto yoti izitengere kudzala la ku Area 38. Yachiwiri imalembedwa patsamba la zaulimi: mtengo wa feteleza. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza feteleza timamugula kunja, thumba limodzi lidafika poti mlimi wamba amangoliyang'ana m'sitolo. Nkhani ina ikudandaula kuti tili ndi zowola zochuluka. Ina ikudandaula kuti nthaka ilibe chakudya. Kodi nkhani ziwirizi si zapachibale?

Kupanga manyowa a kompositi sikulira makina. Choyamba, ndipo apa ndi pamene ntchito yambiri ili, ndi kupatula mapulasitiki, mabotolo ndi zitsulo. Zowola zimayalidwa mosanjikiza ndi zouma monga mapesi, udzu kapena utuchi, kuwonjezapo ndowe ndi phulusa pang'ono, kuwaza madzi kuti muluwo ukhale wachinyezi koma osati wonyowa chonchololo, ndi kuutembenuza pakapita masabata angapo kuti mpweya ulowe. Mulu wosamalidwa bwino umatentha mkati, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu umasanduka dothi lakuda lopanda fungo loipa. Alimi ambiri aphunziranso manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza wochepa, n'kumanga m'thumba kwa masiku 21. Zonsezi alangizi a zaulimi amaphunzitsa popanda malipiro.

Koma funso lenileni la malonda si lakuti tingapange bwanji. Ndi lakuti agule ndani. Kwerani minibasi mudutse ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43, muone mipanda ya kumeneko. Kuseri kwa mpanda uliwonse kuli kapinga, maluwa ndi kadimba ka ndiwo, ndipo zonsezo zimafuna manyowa chaka ndi chaka. Onani ogulitsa mbande za maluwa ndi mitengo m'mbali mwa misewu, machubu awo ali ndandanda. Onani maofesi ndi mahotela a ku City Centre. Onaninso alimi a m'madimba amene amatibweretsera masamba omwewa m'mbandakucha, n'kubwerera kwawo njinga zili zopanda katundu. Wachinyamata amene akuganiza za ntchitoyi asayambe ndi kuunjika mulu. Ayambe ndi kugogoda pazipata khumi, afunse wosamalira maluwa kuti manyowa amawapeza kuti, amalipira zingati, ndipo amawafuna mwezi uti. Akapeza atatu ovomera kugula, apo ndiye agwire fosholo. Ndaonapo magulu amene adayamba ndi mulu, ndipo mulu udapsa bwino, koma udagumuka ndi mvula ukudikira wogula.

Nkhani zina ndingozikhudza. Mliri wa kolera umene udayamba mu Marichi 2022 udatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi wa Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Sitingautche mwayi, chifukwa ena mwa inu mudaika maliro. Komabe udationetsa kuti chimbudzi chaukhondo ndi madzi osamba m'manja pamsika ndi zinthu zimene munthu angazisamalire bwino, n'kupezapo cholowa, anthu n'kupulumuka. Chimodzimodzi nkhani ya majumbo opyapyala, amene boma lidawaletsa mu 2015 ndipo Khoti Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019. Nkhani imeneyi ikamveka pawailesi, wogulitsa majumbo amadandaula, koma telala amene ali ndi tizidutswa ta nsalu pansi pa makina ake, ndi wogulitsa kaunjika amene watsala ndi zovala zosayenda malonda pansi pa belo, ayenera kutchera khutu. Chikwama cha nsalu chimachapidwa, ndipo sichitseka ngalande.

Tsopano chenjezo. Si phindu lililonse lochokera m'vuto limene lili mwayi. Mafuta a galimoto akasowa, ena amathamangira kuwabisa m'zigubu kuti agulitse pamtengo wowirikiza. Magetsi akavuta, ena amalowa m'nkhalango ya Dzalanyama kukaotcha makala, kuiwala kuti mtsinje uwu umachokera komweko, ndi kuti madzi a m'mipopi yathu amadikhira m'madamu a Kamuzu ku Malingunde chifukwa cha mitengo yomweyo. Ena akukumba mchenga m'mbali mwa mtsinje mpaka gombe kugumuka. Onsewa adawerenga nkhani, onsewa adapeza ndalama. Muyeso wanga ndi uwu: ntchito yanu ikayenda bwino, kodi vuto lija licheperachepera kapena likula? Womanga mlatho akalemera, anthu ambiri awoloka. Wootcha makala akalemera, mtsinje uphwa.

Ndikuona nkhope zina zikufunsa kuti, kodi a khonsolo abwera kudzatisenzetsa ntchito yawo? Funsolo n'loyenera. Kuchotsa zinyalala ndi udindo wa khonsolo, ndipo chiphaso chimene mumadula tsiku ndi tsiku chimakupatsani ufulu wotifunsa. Palibe chimene ndanena pano chimene chikuchotsa udindowo. Atolankhani apitirize kulemba, inunso mupitirize kuimba mafoni pawailesi. Chimene ndikunena n'chakuti ngolo iliyonse ya zowola imene yasanduka manyowa ndi ndalama m'thumba mwa mwana wa m'wodi ino, komanso ndi malo amene atsala m'galimoto yopita ku Area 38. Ndipo amene akufuna kuyamba asangosankha yekha malo m'mbali mwa mtsinje n'kuyamba kuunjika, chifukwa mawa nyuzipepala idzalemba za iye. Nkhani ya malo ndi chilolezo idzere ku komiti ya msika ndi kwa a Khansala, ifike kuofesi mwadongosolo. Mukakhala gulu, monga a banki mkhonde mmene mulili kale, pempho lanu limamveka msanga ndipo mtengo wa wilibala, mafosholo ndi magolovesi sugwera munthu mmodzi.

Pempho langa kwa a Wapampando ndi lakuti pamsonkhano wotsatira wa komiti, aliyense abwere ndi nkhani imodzi ya vuto la m'dera lino imene waimva pawailesi kapena waiwerenga, ndipo tidzaifunse mafunso aja: akuvutika ndani, kuti, kangati, ndipo akulipira kale zingati. Ine ndidzabweretsa manyuzipepala a mwezi wonse amene ali muofesi mwanga, popeza mayankho ake ndidapereka kale.

A Wapampando, ndaona manja awiri akwezedwa kumbuyoko, mbali ya ogulitsa nsapato. Ndibweze mawu kwa inu kuti muwapatse mpata.